Mawu othandiza pa bokosi lofufuzira: momwe ntchito ikuyendera

Lolemba, 6 Okutobala 2025

Lero ndayamba mbali yanga. Webusaiti yathu ya malangizo a ulimi yatsala pang'ono kutha. Timapepala ta alangizi timene tinatolera tinalowa kale tonse, bokosi lofufuzira lili pamwamba pa tsamba lililonse ndipo likuyankha. Chatsala ndi mawu oti akhale pafupi ndi bokosilo, omuuza munthu kalembedwe koti apeze chimene wadzera. Pa ndondomeko yathu ntchitoyi tinaipatsa masiku awiri.

Mnzanga wolemba kodi, ndiye kuti malangizo oyendetsera kompyuta, wanditumizira zimene makina ofufuzirawa amatha kuchita. Tikugwiritsa ntchito pulogalamu yosungira zolembedwa yotchedwa SQLite ndi gawo lake lofufuzira mawu lotchedwa FTS5, poti seva yathu, kompyuta imene webusaitiyi imakhalapo, ndi yaing'ono ndipo ndalama zolipirira yaikulu palibe. Ukalemba mawu awiri, amakubweretsera tsamba limene muli onse awiriwo. Ukawatsekera m'mitengero, amafuna kuti akhale ogundizana monga wawalembera. Ukaika kanyenyezi (*) kumapeto, amabweretsa mawu onse oyamba ndi zilembo zimenezo. Palinso mawu a Chingelezi olumikizira kapena kupatula mawu ofufuzira, AND, OR ndi NOT, amene sagwira ntchito pokhapokha alembedwe m'zilembo zazikulu. Zonsezi ndazifotokoza m'Chichewa, zadzaza tsamba lathunthu, ndaziika kuseri kwa batani lolembedwa "Thandizo".

Lachitatu, 8 Okutobala

Sabata yatha tinatumiza webusaitiyi pa WhatsApp kwa alangizi angapo ndi makalabu a alimi kuti ayesere. Lero ndakhala tsiku lonse kuwerenga zimene anthu akhala akulemba m'bokosimo. Sitisunga dzina kapena nambala ya munthu, timangosunga mawu amene alembedwa ndi kuchuluka kwa masamba amene apezeka.

Palibe ndi mmodzi yemwe amene analemba mitengero, kanyenyezi kapena AND. Anthu akulemba ngati akufunsa mlangizi ataima naye m'munda: "kodi feteleza wokulitsa ndithire liti", "chimanga changa chalowa mbozi nditani", "nkhuku zikungofa". Ndipo mafunso otere pafupifupi onse akubwerera chimanjamanja, chifukwa makinawa akufuna tsamba limene muli "kodi" ndi "changa" ndi "nditani" pamodzi, ndipo palibe kapepala ka ulimi kamene kamalembedwa choncho. Tsamba la mbozi za ntchemberezandonda tili nalo, lolembedwa bwino, ndi zithunzi zomwe. Munthu amene chimanga chake cha kudimba chikudyedwa panopa sanalione.

Tsamba langa la Lolemba lija likuyankha mafunso amene palibe akufunsa. Sindilitaya lero, koma ndadziwa kuti si pamenepo pali ntchito.

Lachinayi, 9 Okutobala

Tsiku la ng'ombe. Mlangizi wina wa ziweto watiimbira kuti akalemba "ng'ombe" tsamba limangoyera mbee, popanda ndi uthenga womwe. Ine nditayesa pa kompyuta, pokopera mawuwo kuchokera m'kapepala, zotsatira zinabwera bwinobwino. Tinazunguzika mpaka masana.

Vuto lake ndi nkhodolero. Pa kompyuta zilipo ziwiri zooneka ngati imodzi: yoongoka imene foni zambiri zimalemba, ndi yopindika imene Microsoft Word imaika yokha munthu akamataipa. FTS5 ikalandira yoongoka pakati pa mawu imaiona ngati funso lalembedwa molakwika, nkukana kufufuza. Yopindika imailola kudutsa. Kuwonjezera apo, pokonza mndandanda wa mawu, gawo lake lodula mawu lotchedwa unicode61 limaona nkhodolero iliyonse ngati mpata, ndiye "ng'ombe" inasungidwa ngati mawu awiri, "ng" ndi "ombe". Wolemba "ngombe" popanda nkhodolero, monga ambiri amachitira pa foni akamafulumira, nayenso sapeza kanthu.

Ndinatenga cholembera nkulemba mzere woti ulowe m'thandizo: "Musaike nkhodolero m'mawu anu." Nditauwerenga mokweza ndinaufufuta. Mphunzitsi wa Chichewa amatha zaka akuphunzitsa ana kuti ng'ombe, ng'oma ndi pang'ono zili ndi nkhodolero, ife tibwere kudzauza mlimi kuti alembe chilankhulo chake molakwika kuti makina athu asavutike? Ndinamuuza mnzanga kuti, "Amwene, ili si vuto la mlimi, ndi lathu. Tilikonze mu kodi." Sanatsutse.

Kukonza kwake kunafuna kuganiza, chifukwa nkhodolero za m'Chichewa sizigwira ntchito imodzi. Ya mu "ng'" ndi gawo la liwu limodzi, choncho tikuichotsa mbali zonse ziwiri, m'timapepala ndi m'funso, kuti "ng'ombe" ndi "ngombe" zikumane. Zikutanthauza kuti ng'oma yoimba ndi ngoma ya kutchire zasanduka chimodzi, koma pa webusaiti ya ulimi zimenezo sizipweteka munthu. Ya mu "m'munda" kapena "m'madzi" ikuimira "mu" wofupikitsidwa, ndipo kudula pamenepo kukutithandiza, poti wofuna "munda" apezanso "m'munda". Imeneyo taisiya kuti izidula. Za "ŵ" tinali ndi nkhawa, koma unicode61 imachotsa yokha kachizindikiro ka pamwamba, ndiye Malaŵi ndi Malawi ndi mawu amodzi kale.

Lolemba, 13 Okutobala

Lero ndinafuna kupulumutsa kanyenyezi, chifukwa mwa zonse za m'tsamba lija ndi kokhako kamene ndinkaona kuti kangathandize. Kakanika, ndipo chifukwa chake chandikhalitsa chete nthawi yaitali.

Makina ofufuzirawa anapangidwa ndi anthu a zilankhulo zimene mawu ake amasinthira kumapeto. FTS5 ili ndi chida chodulira mawu kuti patsale tsinde, chochokera pa njira imene Martin Porter anafalitsa mu 1980, koma ndi cha Chingelezi ndipo chimadula kumchira. Kanyenyezi nakonso kamagwira kumchira kokha. Chichewa chimasinthira kumutu kwambiri: kudzala, tidzale, mukadzala, osadzala, anadzala. Tsinde lili pakati, lazunguliridwa ndi aphatikiri. Ukalemba "dzal" ndi kanyenyezi umapeza "dzalani" yekha, ena onsewo atsala. Maina nawonso ndi chimodzimodzi: mlimi ndi alimi, munda ndi minda, chipatso ndi zipatso, khasu ndi makasu.

Mnzanga anati pali njira ina. Kuyambira SQLite 3.34.0, imene inatuluka mu Disembala 2020, FTS5 ili ndi kadulidwe kotchedwa trigram, kamene kamaphwanya mawu m'timagulu ta zilembo zitatuzitatu kuti uzitha kupeza chidutswa chili pakati pa mawu. Tinayesa. Tinalemba "dzala", ndipo kudzala ndi anadzala zinabweradi. Koma pamwamba penipeni panabwera tsamba lonena kuti alimi "adzalandira" zipangizo. Yang'anani bwino: a-dza-landira. Mphatikiri wa nthawi yamtsogolo "dza" akagundana ndi mneni woyamba ndi "la", mawu oti "dzala" abadwa pamene panalibe nkhani yodzala. Mudzalamula, tidzalakwa, zidzalawidwa, zonse zikulowa. Panabweranso kapepala ka ukhondo konena za dzala lotayamo zinyalala. Ndiye palinso anthu ambiri amene amati kubzala, osati kudzala, ndipo timapepala tathu tili ndi zonse ziwiri.

Trigram taisiya ngati njira yachiwiri, yoti izigwira pokhapokha njira yoyamba ikabwera yopanda kanthu. Mndandanda wake umadyanso malo ambiri pa seva, ndipo mawu osakwana zilembo zitatu siiwapeza nkomwe.

Chimene tagwirizana ndi ntchito ya manja. Ndilemba ndekha mndandanda wa mawu a ulimi amene amabwerabwera, lililonse ndi abale ake. Aneni ofunika pa ulimi si ochuluka kwambiri: kudzala, kupalira, kubandira, kuthira, kupopera, kukolola, kusunga, kutemera, ndi ena ochepa. Ndi wotopetsa, koma ndimaudziwa pothera pake.

Lachiwiri, 14 Okutobala

Mndandanda uja ndaupitiriza. Mbewu ndi mbeu. Ntchito ndi nchito. Feteleza ndi fetereza: lamulo limene tinaphunzira kusukulu limati "r" amalembedwa akamatsatira "e" kapena "i", koma pa foni aliyense amalemba mmene akumvera, ndiye tangouza makina kuti pofufuza "l" ndi "r" ndi chilembo chimodzi. Bungwe la Chichewa Board linakhazikitsidwa mu 1972 ndipo malamulo a kalembedwe akhala akukonzedwa kangapo kuchokera nthawi imeneyo, kotero timapepala takale ndi tatsopano sitifanana. Abale athu a ku Zambia amalemba "cimanga" popanda "h", ndipo ndaona mawu otere kangapo m'zimene anthu alemba, ndawaika. Kenako mawu osiyaniratu a chinthu chimodzi: mtedza ndi nsawa, mbatatesi ndi kachewere, chinangwa ndi vinangwa, manyowa ndi kompositi.

Mawa ndi tchuthi cha Tsiku la Anakubala, ofesi yatsekedwa.

Lachisanu, 17 Okutobala

Takwera minibasi kupita ku Lunzu, komwe mlangizi amene tikugwira naye ntchito anatiitanira ku msonkhano wa kalabu yake. Dzuwa la Okutobala linali litaswa mtengo, tinakhala pansi pa mango kuseri kwa tchalitchi. Anthu asanu ndi mmodzi anavomera kuyesa pa foni zawo. Tinawagulira bandulo kuti asaononge yawo.

Ndinakhala pafupi ndi mayi wina wachikulire amene amaweta nkhuku zachikuda. Foni yake galasi linali losweka pakona, zilembo anazikulitsa kwambiri moti bokosi lathu linatenga theka la sikirini. Ndinati, "Mayi, tayerekezani kuti nkhuku zanu zadwala, mufunse pamenepa." Anandiyang'ana nkuti, "Kuyerekeza chiyani bambo, zadwaladi. Zinayi zapita sabata ino."

M'bokosimo munali mawu otuwa amene ndinaika ngati chitsanzo, akuti "mbozi chimanga". Mayiwo anayamba kudina batani lofufutira kuti awachotse, osachoka, nkudinanso. Ankaona ngati wina walembamo kale. Atayamba kulemba, mawu otuwawo anasowa okha, ndipo anaima nkundifunsa ngati aononga china chake. Kenako ndi chala chimodzi, pang'onopang'ono, analemba kuti "nkhuku zavala jekete". Umu ndi mmene iwo amanenera nkhuku imene yagwetsa mapiko, yangoti ndwii kuwodzera. Makina anayankha kuti, "Palibe zotsatira." Anaika foni pa chitenje nkuti, "Basi, mulibe."

Batani la "Thandizo" linali pomwepo, pansi pa chala chawo. Nditafunsa chifukwa chimene sanalidinire anati, "Ndimayesa ndi la thandizo la makuponi." Bambo wina amene anali pambali anati iye amaganiza kuti likamuimbitsa foni nkumudyera mayunitsi. Mwa anthu asanu ndi mmodziwo palibe analidina.

Tsamba la chitopa tili nalo. Limafotokoza zizindikiro zomwezi, kugwetsa mapiko, chitosi chobiriwira, kupinda khosi, limanena kuti chitopa chilibe mankhwala ochiza koma katemera wa I-2, wodontheza m'diso, wobwereza miyezi inayi iliyonse, ndiponso kuti nyengo yotentha ino ndi imene chimavuta kwambiri. Mlangizi anawafotokozera mayiwo pakamwa ndipo anagwirizana tsiku lodzaona nkhuku zotsalazo. Ine ndinabwerera m'tauni mtima uli wolemera. Mawu awiri aja, "Palibe zotsatira", ndinawalemba ndine, ndipo mayiwo anawamva ngati akuti nkhani ya nkhuku zawo kulibe kumene angaipeze.

Lolemba, 20 Okutobala

Ndayambiranso. Tsamba la Thandizo lachoka pamalo pamene linali. Mawu othandiza tsopano akhala m'malo atatu, ndipo onse munthu aziwaona popanda kudina kanthu.

Oyamba ali pansi pa bokosi, akuda bwino, osasowa munthu akayamba kulemba: "Lembani dzina la mbewu kapena chiweto, ndi vuto lake. Mwachitsanzo: nkhuku kufa." M'kati mwa bokosi simukhalanso kanthu. Chitsanzochi chizisintha ndi nyengo. Mwezi uno ndi nkhuku ndi kukonza minda, mvula ikagwa chikhala cha feteleza ndi mbozi, nthawi yokolola cha anankafumbwe. Mnzanga walumikiza mzerewu ndi bokosi mu kodi kuti mapulogalamu owerengera anthu osaona aziuwerenga akafika pabokosipo.

Achiwiri ndi a pamene sipanapezeke kanthu, ndipo apa ndi pamene ndathera tsiku lonse. Ndinayamba ndi "Pepani, mawu amene mwalemba sanapezeke." Ndinaona kuti akuloza chala munthu. Ndinayesa "Yesaninso ndi mawu ena", koma mawu ena ati? Munthu walemba kale mawu amene amadziwa. Amene ndakhazikika nawo ndi awa: "Sitinapeze tsamba lokhala ndi mawu onsewa pamodzi. Mwina nkhaniyi ilipo koma tinailemba ndi mawu ena. Onani izi zokhudza nkhuku:" ndipo pansi pake pabwere masamba a mawu amene makina awazindikira. Chofunika ndi chakuti munthu asaone tsamba lopanda kanthu. Ngati palibe ndi liwu limodzi lomwe lazindikirika, pabwere mitu ikuluikulu isanu ndi umodzi, chimanga, nyemba, ndiwo zamasamba, nkhuku, mbuzi, nkhumba, kuti angodina.

Achitatu ndi kamzere ka pamwamba pa zotsatira, pamene makina asintha funso la munthu: "Mwalemba nsawa. Taphatikizaponso mtedza." Mnzanga amati nkosafunika, kangodya malo pa foni. Ine ndaumirira. Munthu amene walemba "nsawa" nkuona masamba onse akunena za mtedza ayenera kudziwa kuti sitinamusocheretse.

Lachinayi, 23 Okutobala

Magetsi anazima kuyambira m'mawa, tagwira ntchito mpaka mabatire a malaputopu atatha, kenako tinasamukira kwa mnzathu wina ku Chichiri.

Mafunso aatali aja tawapezera njira. Ndalemba mawu oti makina azingowadumpha: kodi, ndi, wa, ya, za, la, cha, kwa, pa, mu, ku, changa, zanga, bwanji, chiyani, nditani, ndingatani. Ndinatsala pang'ono kuikamo "liti", koma ndabweza, chifukwa wofunsa "liti" akufuna tsamba la nthawi, ndipo tingathe kumukwezera masamba otere pamwamba. Otsalawo akapanda kupezeka onse pamodzi, makina azifuna lililonse palokha nkusanja masamba ndi bm25, njira yosanjira imene ili kale mu FTS5, imene imalemekeza kwambiri mawu osowa kuposa opezeka paliponse. Tayesa "chimanga changa chalowa mbozi nditani" ndipo tsamba la ntchemberezandonda labwera loyamba.

Ndawerengera mizere imene yafa m'thandizo langa loyamba lija chifukwa choti vuto lake takonza mu kodi: wa nkhodolero, wa zilembo zazikulu, wa kanyenyezi, woti "musalembe chiganizo chathunthu", woti "onetsetsani kalembedwe". Za mitengero ndi NOT zikugwirabe ntchito, ndipo ndazisiya pa katsamba kakang'ono kolembedwa "Kufufuza mozama", kamba ka alangizi ndi ophunzira amene angazifune. Mawu oti "Thandizo" sakuonekanso paliponse.

Tinakanganako pang'ono za mawu a pa batani lenilenilo. Ine ndinkafuna "Sakani", poti ndi lalifupi ndipo achinyamata amati kusaka. Mlangizi uja pa foni anati kwa alimi achikulire kusaka ndi kwa agalu ndi mbewa. "Funani" likumveka lopanda mphamvu. "Fufuzani" ena limawakumbutsa apolisi, komabe ndi limene onse a ku Lunzu analimva popanda kufunsa. Takhala pa "Fufuzani", ndi kachithunzi ka galasi pambali.

Lachiwiri, 28 Okutobala

Mlangizi wayesetsanso kalabu ija Loweruka, ife kulibe, ndipo watitumizira uthenga wa mawu. Akuti mayi a nkhuku aja analembanso "nkhuku zavala jekete" ndipo tsamba la chitopa linabwera pamwamba, nkuuza anzawo kuti aliwerenge mokweza. Mawu amenewo ndinawaika ndekha m'mndandanda tsiku lomwe tinabwerako, ndiye sindikuwerengera ngati umboni woti zonse zili bwino. Chimene chandilimbitsa mtima ndi china: bambo wina analemba "udzu wofiira maluwa m'chimanga", makina sanapeze onse pamodzi, koma uthenga watsopano uja unamupatsa masamba a chimanga, iye nkutsika nawo mpaka anapeza la kaufiti. Sanaike foni pansi.

Zimene zandionetsa kuti mndandanda wa zizindikiro ndi wofunika kuposa wa kalembedwe. Anthu sadziwa dzina la matenda, amadziwa zimene akuona ndi maso: masamba achita chikasu, nkhumba zafiira makutu, mbuzi ikutsegula m'mimba, chimanga chafumbwa. Ndapempha alangizi atatu kuti sabata ino azilemba m'kope mawu enieni amene alimi amanena pofotokoza vuto, osawakonza ngakhale pang'ono. Mmodzi ndi wa ku Chileka, wina wa ku Lunzu, wina amayendera minda ya cha ku Chigumula. Ndikufunanso wina wa ku Mulanje kapena ku Phalombe, chifukwa kumeneko mawu ena a Chilomwe amalowa m'Chichewa cha tsiku ndi tsiku, ndipo sindikufuna kuwalota ndili mu ofesi.

Zotsala: uthenga wa pamene netiweki yaduka pakati pa kufufuza sindinaulembe, panopa pakubwera wa Chingelezi wochokera mu bulawuza. Mzere wa pansi pa bokosi ukumadukira pakati pa foni zimene zilembo zakulitsidwa, mnzanga akuuona mawa. Chitsanzo cha Novembala chiyenera kukhala chitakonzeka mvula yoyamba isanagwe, ndipo ndikadali pakati pa "feteleza wokulitsa" ndi "kudzala chimanga". Lachisanu ndiwerenganso mafunso onse amene abwera opanda kanthu kuyambira pa 20.